Kumene Anatsala Sailesi

Felizarda anali kuseri kwa nkhokwe akupeta mphale pamene anamva amuna ake akulonjeza kulimbana ndi dziko la Amereka.

"Tsiku limene Mmereka adzaponde pa Mualadzi pano," a Paulino ankatero, "ine sindidzamupatsa ndi mpando womwe. Ndidzamuimika pamaso pa anthu, ndimufunse za mwana wanga, ndipo sadzachoka asanandiyankhe. Musandione kufatsaku. Ukatekistawu ndi umene umandigwira manja."

Amuna amene anakhala nawo pansi pa mtengo wa mango anavomereza ndi kukhosi. Felizarda anapitiriza kupeta. Anali atakhala ndi munthuyu kuyambira nthawi ya Apwitikizi, ndipo m'zaka zonsezo mkwiyo wawo waukulu umene anauonapo unagwera mbuzi ina imene inadya buku la nyimbo m'kapela. Ngakhale pa mlandu umenewo, inapambana ndi mbuzi.

Inali nyengo imene anthu anali atangobwera kumene kuchokera ku Ukwimi, ku Zambia, kumene anathawira nkhondo. Malole anawatula pa malire, pa Cassacatiza, aliyense ndi khasu, ndowa ndi kathumba ka mbewu, ndipo atafika pamudzi anapeza mitengo itamera m'kati mwa nyumba zawo. Anadula, anafolera, analima. Madzulo amuna ankasonkhana pa wailesi ya a Boston, amene ku kampu anali mlonda wa nyumba yosungira chakudya ndipo anabwerako ndi Chingerezi chokwanira kumasulira nkhani za dziko lonse, ngakhale zimene wailesiyo sinanene. Mapilya, mabatire a wailesiyo, akafooka ankawayanika padzuwa ngati mfutso.

Nkhani zake sizinkasintha kwenikweni. Uku ndege za Amereka zaponya mabomba, uko anthu akutentha mbendera yake pamsewu, kwina akufuula kuti achoke. Amuna a pa Mualadzi zinkawakomera kumva kuti pa nkhani imodzi yokhayi ali pamodzi ndi Aluya, Amwenye ndi mitundu ina imene sanaionepo ndi maso. A Boston ankawayalira bwinobwino: mfuti za Matsanga, zigawenga zimene zinkamenyana ndi boma, zinkachokera kwa Maburu, ndipo Mburu sangayetsemule asanapemphe chilolezo kwa Amereka. Wina akakumbutsa za chimanga chachikasu chimene anadya ku kampu, chobwera m'matumba a dziko lomwelo, a Boston ankamuyang'ana momumvera chisoni n'kumufunsa ngati sanaonepo munthu akunenepetsa nkhumba.

Felizarda za pa wailesi sankazitsata, koma ntchito ya Amereka m'nyumba mwake ankaidziwa. Amereka anali mdani wabwino. Anali kutali, analibe abale pamudzi, sankabwera kudzabwereka lichero, ndipo munthu ankatha kumutukwana mpaka kukhuta, kenako n'kukagona. Mdani winayo ankakhala kuseri kwa khola, ndipo anali a Mateyo, mlongo wake wa Felizarda wa bere limodzi.

A Mateyo anagwidwa ndi Matsanga nkhondo itangofika kuno. Patapita zaka anabwera ali m'gulu limene linalowa m'mudzi masana, dzuwa likuswa mtengo, n'kusankha anyamata oti asenze katundu wolandidwa. Sailesi, mwana woyamba wa Felizarda, anali wamtali kuposa msinkhu wake, ndipo anamusenzetsa mutu wa makina osokera. Ena ankati a Mateyo anamuloza dala kuti akhale pafupi ndi malume ake, amuteteze. Ena sankati choncho. Mtendere utabwera a Mateyo anatulukira okha, ataonda, mano akutsogolo palibe. Akuluakulu anawasambitsa mankhwala pamphambano, anatentha zovala zawo, n'kulamula kuti za kutchire zitsale kutchire. Boma nalo linanena zomwezo m'Chipwitikizi. Za mwanayo a Mateyo anauza mlongo wawo mawu awa okha: "Mwana anatsala."

Tsono kuno imfa ya mwana amalengeza ndi malume ake, mwini mbumba, ndipo isanalengezedwe mayi sayamba kulira maliro. Mwini mbumba wa Felizarda anali a Mateyo omwewo, poti amuna ena onse a m'bere lawo nkhondo inawatha. Choncho Sailesi sanali wamoyo, komanso sanali wakufa. Panalibe manda, panalibe kumeta, panalibe tsiku limene Felizarda anakhala pamphasa amayi anzake atamuzungulira. Anthu anangosiya kumuitana amake Sailesi n'kuyamba kumuitana amake Odeta, ngati kuti mwana woyamba anali cholakwa chimene akonza. Kulira kuja anakhala nako m'chifuwa ngati nthangala ya mango yomezedwa, yosatsika, yosatuluka.

Akanatha kufunsa. Koma kufunsa kunali kuika amuna ake ndi mlongo wake maso ndi maso, ndipo a Paulino anali mkamwini: munda wa akazi awo, nyumba pa malo a akazi awo. Mwina akanamanga katundu n'kubwerera kwawo ku Chifunde, mwina kukanatuluka magazi. Choncho Felizarda ankaphikira onse awiri, wina m'nyumba, winayo ankamutumizira mbale ndi Odeta, ndipo mapilya a wailesi akaiwalidwa panja mvula n'kuyamba, ankawalowetsa yekha.

Lamulungu lililonse, poti a Padiri, ansembe, ankafika mwa apo ndi apo, a Paulino ankatsogolera mapemphero m'kapela yopanda zitseko. Za kukonda adani ankazilalikira bwino kwambiri, ndi zitsanzo zochokera kutali. A Mateyo ankakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo. Potuluka a katekista ankati, "Mwadzuka, alamu?" akuyang'ana zala za kumapazi kwawo, ndipo a Mateyo ankayankha akuyang'ana zawo.

Mmereka anafika mvula yoyamba itagwa.

Galimoto yoyera inatitimira m'matope pa khwawa la kumunsi kwa mudzi. Woyendetsa anabwereka njinga n'kubwerera ku Cassacatiza kukafuna thirakitala, ndipo mlendo amene anamunyamula m'galimotomo anthu anabwera naye kwa katekista, poti alendo a mpingo amagona kumeneko. Anali nkhalamba yaifupi, yadazi lopsa ndi dzuwa, makutu aakulu, dzanja limodzi litagwira mimba. Anati ndi Irimau Vinsenti, bulazala wa ku mishoni, ndipo amayendera malo oti akumbepo zitsime. Chinyanja chake chinali cha ku Chipata, chakalekale, chonga cha anthu amene anafa kale.

A Boston, monga mwini nkhani za kunja, anafunsa za kwawo. Anafunsa m'Chingerezi, ndipo mlendoyo atamvetsera mwaulemu anapempha kuti abwereze m'Chinyanja.

"Ndine wa ku Amereka," anayankha, "koma ndinachokako tsitsi ndikadali nalo. Pepani, chimbudzi chili kuti?"

Kenako a Paulino anadzuka pampando wawo, wokhawo wokhala ndi chotsamira m'mudzi monse, n'kuukankhira kwa mlendo. Atazindikira kuti si mpando umene ukufunika, anamugwira mkono n'kumulondolera kuseri.

Masiku otsatirawo Amereka anagona pabedi la a katekista, eni ake pamphasa. Felizarda anamuwiritsira masamba a gwafa n'kumamuphikira phala lamadzimadzi. Mvula ikamagwa a Paulino ankamuperekeza kuchimbudzi atamufunditsa chiguduli, n'kuima panja ngati msilikali wolondera. Anthu ankabwera kudzasuzumira pakhomo kuti aone dziko limene likuopseza mitundu yonse, ndipo ankabwerera atakhumudwa. Mayi wina anati ngati ndi amenewa, ndiye kuti Aluya aja ndi amantha.

"A katekista," anatero a Boston pansi pa mango, "tamva kuti mdani uja mwamugwira. Akuti mukumuzunza ndi phala."

"Wodwala safunsidwa mlandu. Achire kaye."

"Akachira thirakitala ibwera. Kapena ndi imene mukupempherera?"

Amuna anaseka. A Paulino sanaseke, ndipo Felizarda, amene ankalidziwa khosi la amuna ake likauma, anayamba kuda nkhawa. Powathirira madzi osamba m'manja anawauza motsitsa mawu:

"Bambo a Odeta, munthuyu musiyeni apite ndi mimba yake."

"Ndinalankhula pamaso pa amuna."

"Amuna amenewo amva zambiri kwa inu, ndipo palibe amene anafa nazo."

"Mukufuna azinditcha chiyani, aNabanda? Katekista wa pakamwa?"

"Akutcheni chilichonse. Dzina silinagumulepo nyumba."

Koma Lamulungu a Irimau anadzuka n'kuyenda okha kupita kukapela, ndipo mapemphero atatha, anthu asanabalalike, a Boston anatsokomola mokweza. A Paulino anakonza jekete lawo la ku Zambia n'kupempha mlendo kuti aime. Mlendo anaima, atatsamira ndodo.

A katekista anayambira pa ukapolo, anadutsa pa Apwitikizi, anafika pa Maburu. Mawu ambiri anali a a Boston, ndipo mwini wake ankagwedeza mutu powazindikira. Koma atafika pa mwana, mawu obwereka anawathera.

"Ine ndinali ndi mwana wamwamuna," anatero, ndipo mawu anachepa. "Mfuti zanu zinamutenga. Ndiye ndikufunsa inu, poti ndinu nokha amene takuonani: mwana wanga analakwira chiyani dziko lanu?"

A Irimau anayang'ana pansi.

"Bambo, sindinama kuti ndikudziwa kumene mfuti iliyonse inachokera. Kwathu kuli anthu amene anakondwera ndi nkhondo yanu, ndipo kuli ambiri amene sadziwa n'komwe kuti Mozambiki ili mbali iti. Sindidziwa choipa kwambiri n'chiti. Yankho lokwanira mwana ndilibe. Ngati mukufuna munthu woti mumukwiyire, ndili pano, thirakitala sinabwere." Anapuma. "Dzina lake anali ndani?"

"Sailesi."

Felizarda anamva ngati wina wamuponda pachilonda. Chibwerere ku Ukwimi dzinalo linali lisanatchulidwe pagulu.

"Sailesi," anabwereza mlendoyo. "Ndisanachoke ndikufuna ndikagwade pamanda pake. Sizibweza kanthu, koma ndi zimene ndingathe. Munamuika kuti?"

Ku Chipata funso limeneli ndi laulemu chabe. Pa Mualadzi chaka chimenecho linali funso limene ngakhale ana ankadziwa kulilambalala. Anthu onse anayesetsa kwambiri kusayang'ana kumene kunali a Mateyo, moti mlendoyo anatembenuka n'kuwayang'ana.

Belu la kapela linali limu ya lole yopachikidwa pamtengo, ndipo chitsulo cholizira chinali pansi pafupi ndi mapazi a a Paulino. Anawerama n'kuchitola. Felizarda anaona nkhope ya amuna ake, ndipo sinali ya munthu amene anagonja kwa mbuzi.

"Iwe," anatero kwa a Mateyo. Chikwatire anali asanamutchulepo mlamu wawo iwe. "Mlendo wafunsa."

Felizarda anadzuka pakati pa amayi, anayenda n'kukaima pakati pa awiriwo. Ankafuna kunena kuti zisiyeni, tiyeni kunyumba, ndiwo zipsa. Atatsegula pakamwa panatuluka mawu ena.

"Achimwene, mwana wanga ali kuti?"

A Mateyo anayang'ana mlongo wawo. "Ndi kutali, mlongo. Ndipo njira yake ndi ya mina, yokwirira mabomba yokhayokha."

"Sindinafunse za njira."

Nkhuku inadutsa pakati pa bwalo, osasamala.

"Mawa," anatero a Mateyo. "Ine ndikhala patsogolo. Aliyense aziponda pamene ndaponda ine."

Madzulo ake pansi pa mango panalibe munthu. A Irimau anabwera kukhitchini atagwira chipewa m'manja.

"Mayi, ndalakwa?"

"Mwalakwa," anatero Felizarda. "Imwani phala lisanazizire."

A Paulino anali pakhonde, jekete lili pamaondo. Mlendo atakakhala pafupi nawo, Felizarda ankawamva kudzera m'mipata ya mpanda.

"Amereka ndinkamuda bwinobwino, a Irimau. Ndinkadya, ndinkagona, Lamulungu ndinkaima kutsogolo popanda manyazi. Tsopano mwabwera ndi mimba yanuyo mwandilanda. Uyu wa kuseri kwa kholayu nditani naye? Kodi Ambuye ponena za adani ankanenanso amene ana ako amawatcha malume?"

"Ndikuganiza kuti ankanena amenewo makamaka. Koma ine sindinaberekepo, bambo. Mawu anga ndi opepuka."

"Ndi opepukadi."

"Inde."

"Ukatekistawu ndiusiya. Sindingaime pamaso pa anthu ndi zimene zili m'mutu mwangamu."

"Zakhala m'mutumo chibwerere, ndipo munkaima," anatero Felizarda ali m'khitchini. "Idyani."

A Paulino sanadye. Anatenga nkhwangwa n'kuyamba kuinola pamwala, akuti ndi yodulira tchire m'njira. Felizarda sanatsutse, poti tchire linalipodi. Mbale ya mlongo wake tsiku limenelo anakapereka yekha. Anawapeza atakhala pakhomo pa kanyumba kawo, manja ali lende pakati pa maondo.

"Njira mukuikumbukira?"

"Ndimaiyenda nthawi iliyonse ndikatseka maso."

"Mina mukudziwa pamene zili?"

"Zina. Zinazo anakwirira ndi asilikali a boma, sanatiuze."

"Bambo a Odeta akunola nkhwangwa."

"Ndamva. Mwala wawo umamveka mpaka kuno."

Felizarda anaika mbale pansi. Munthu uyu ndi amene ankamubereka Felizarda kumsana ali wakhanda, amayi awo ali kumunda. "Malire sali kutali," anatero. "Mukanyamuka tsopano, mawa mudzuka muli ku Zambia. Ndidzati sindinakuoneni."

"Ndiye mwanayo atsalenso?"

Pobwerera Felizarda anadzifunsa kuti a Mateyo akanavomera akanawathokoza kapena akanawatemberera.

Ananyamuka m'mawa mame asanaume. Kupatula Felizarda, a Paulino ndi a Mateyo, kunapita a Boston, akulu a mpingo awiri ndi mai Josefina, mkulu wa amayi, kuti zimene zikaoneke zikakhale ndi mboni. A Irimau anapempha kutsagana nawo, koma anauzidwa mwaulemu kuti gulu loyenda pa mina silingamaime paliponse kudikira mimba ya munthu.

Atadutsa minda yomaliza, njira inalowa m'tchire limene munthu anali asanapondemo chithere nkhondo. A Mateyo anavula nsapato, anauza onse kuti atsale kumbuyo mtunda woti zidutswa zisawafike, n'kuyamba kuyenda. Ankayenda pang'onopang'ono, mutu uli pansi, ngati wofunafuna singano. Dothi linali lonyowa, phazi lililonse linkadinda, ndipo ena onse ankaika mapazi awo momwemo, mmodzi mmodzi. A Boston, amene pa wailesi ankadziwa mitundu yonse ya ndege zankhondo, sanatsegule pakamwa ulendo wonse.

Wotsatira a Mateyo anali a Paulino, nkhwangwa paphewa. Felizarda anali pambuyo pawo, ndipo maso ake ankachoka pa nkhwangwayo kupita pa khosi lowonda la mlongo wake, n'kubwereranso. Amuna ake, ofupika miyendo, ankachita kutanyula kuti afike m'mapazi a munthu amene sankatha kumuyang'ana kumaso. Felizarda sankadziwa choti apempherere. Anayesa kupempherera onse awiri, koma pemphero linkakana kuwanyamula pamodzi. Anaonanso kuti mtunda uja pakati pa amuna awiriwo ukuchepa.

"Alamu, tsalani kumbuyo," anatero a Mateyo osacheuka. "Likaphulika litenge mmodzi."

Pamalo pena anaima, anayang'anitsitsa pansi, anathyola nthambi n'kuigoneka mopingasa, kenako anakhotera kumanzere. Palibe anafunsa.

Dzuwa lili pamutu anafika pa kamtsinje, pansi pa mkuyu. Panali mulu wa miyala, udzu utamera m'mipata.

"Ndi pano," anatero a Mateyo. "Miyendo inatupa. Akuluakulu a gulu anati asachedwetse ulendo. Miyalayi ndinabwerera kudzaunjika ndekha."

"Ndani?" anafunsa a Paulino. Anali atatsitsa nkhwangwa paphewa.

"Ndinalipo, alamu."

"Ndafunsa kuti ndani."

"Ndinalipo."

Anagwada n'kuyamba kuchotsa miyala ndi manja, msana ndi khosi zili poyera pamaso pa a Paulino. Felizarda anamva mai Josefina akumugwira mkono. Nkhwangwa inakwera pang'ono, kapena anangoona ngati yakwera; pambuyo pake sakanatha kulumbira. Kenako pansi pa miyala panaoneka nsapato ya tayala, ndipo a Paulino anaiyang'ana nthawi yaitali. Anali ataidula okha kalelo ndi mpeni wawo, yokulirapo dala kuti mwana akulire momwemo. Anasendera pambali n'kuyamba kudula mizu ya mkuyu imene inakola mafupa, ndipo ankadula ndi mphamvu yoposa imene mizuyo inkafuna.

Mafupa anali ochepa. A Boston anatambasula thumba limene anabwera nalo, koma Felizarda anamasula nsalu yake yapamwamba n'kuiyala pansi. Maso ake anali ouma, poti nthawi inali isanakwane. A Mateyo atafuna kunyamula, a Paulino anawaletsa.

"Mwanayo sayenda patsogolo."

Choncho Felizarda anamubereka kumsana, anamanga mfundo pachifuwa, ndipo anabwerera m'mapazi omwe aja, mlongo wake patsogolo. Katunduyo anali wopepuka moti nthawi ndi nthawi ankagwira kumbuyo kuti aone ngati akadalipo.

Anafika dzuwa litapendeka. Mudzi wonse unali pabwalo la kapela, a nyakwawa pakati, a Irimau kumapeto kwa benchi, chipewa pamaondo, popanda wowasamala. Thirakitala inali itabwera masana, koma anaiuza kuti idikire.

Pamalire a mudzi Felizarda anamasula mfundo n'kupereka mtolowo kwa a Mateyo, chifukwa amene anatulutsa mwana ndi amene ayenera kumulowetsa. A Mateyo anayenda nawo pakati pa anthu, mapazi ali magazi okhaokha ndi minga, n'kugwada pamaso pa a Paulino.

"Alamu, ndinachoka ndi mwana wanu pamudzi pano masana, anthu akuona. Ndabwera naye anthu akuona. Chimene ndabweza si chimene ndinatenga, koma china ndilibe." Anatembenukira kwa a nyakwawa ndi kwa anthu. "Ine Mateyo, mwini mbumba, ndikunena kuti Sailesi, mwana wa mlongo wanga Felizarda, watisiya."

A Paulino anaima nthawi yaitali moti khanda lina linayamba kulira n'kutontholetsedwa iwo adakali chiimire. Kenako anapereka nkhwangwa kwa a Boston, amene anaigwira ngati yotentha, ndipo anawerama n'kunyamula mtolowo ndi manja awiri.

"Ndalandira."

"Mwamva nonse?" anafunsa a nyakwawa.

"Tamva," anthu anayankha.

Mmodzi wa akulu a mpingo, wofuna kuti nkhani ithe mwachikhristu, anasendera pafupi. "Ndiye kuti mwawakhululukira, a katekista?"

"Ndati ndalandira. Zinazo mudzandifunse chaka chamawa. Mwina chinacho." Anayang'ana mlamu wawo, amene anali chigwadire. "Dzukani, alamu. Maliro ndi anu awa, mukauze adzukulu."

Mai Josefina anali atayala kale mphasa. Felizarda anakhala, anatambasula miyendo, amayi anamuzungulira. Anatsegula pakamwa, koma poyamba panatuluka mpweya wokha, ngati mjigo wouma. Anayesanso. Mawu anabwera osasa, achilendo, onga a munthu wina, akutchula dzina la mwana. Amayi a kumbuyo anawalandira, ndipo maliro a Sailesi anayamba.